Kochi achoke kapena osewera agulitsidwe? Mkangano wa masapota a Manchester United

Manchester United ikagonja Lamulungu madzulo, anthu satuluka msanga m'nyumba zoonetsera mpira. Kaya ndi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, wezulo yomaliza ikalira mpamene masewero ena amayamba. Wina amati kochi achoke, sadziwa n'kusintha osewera komwe. Wina amati kochi alibe mlandu, anyamatawo ndi aulesi, akungodya ndalama. Wachitatu, yemwe kawirikawiri amalankhula ena atasasa mawu, amati nonse mukulasa m'mbali, vuto ndi eni ake timu. Chapambali pamakhala a Arsenal ndi a Liverpool, akupempha mokoma mtima kuti kochi ameneyo musamuchotse, mumupatse kontilakiti ya moyo wonse.

Mkanganowu ndi womwewo umene umamveka ku Manchester kwenikweniko, ndipo wakhalapo kuyambira 2013 pamene Sir Alex Ferguson anapuma pa ntchito. Chaka chimenecho timuyi inatenga ligi ya England kachi 20. Pofika 2025, Liverpool inali itaipeza pa 20 pomwepo, United isanawonjezereko ngakhale imodzi. Pakati pa zaka zimenezi makochi asanu anaonetsedwa msana wa njira: David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Ole Gunnar Solskjaer ndi Erik ten Hag. Ndalama zogulira osewera zinapitirira £1 biliyoni. Magulu atatu aja aliyense ali ndi mfundo yake yomveka. Koma mukauyang'anitsitsa mkanganowo, muona kuti mkwiyo wa sapota umathamangira munthu amene akuoneka pa kanema ndiponso amene angachotsedwe mawa, ndipo ameneyo si amene amamanga mfundo zikuluzikulu.

Poyambira ndi Ferguson yemweyo, chifukwa mbali zonse zimatchula dzina lake. Oikira kumbuyo kochi amakumbutsa anzawo kuti Ferguson anafika mu November 1986 n'kukhala zaka zitatu ndi theka opanda chikho chilichonse. Kumapeto kwa 1989 sapota wina anatambasula nsalu m'bwalo la Old Trafford yomutsanzika, yonena kuti zaka zitatu zatha akungopereka zifukwa. Mu January 1990 mnyamata wotchedwa Mark Robins anagoletsa chigoli chimodzi ku Nottingham Forest mu FA Cup, timu inapitirira mpaka kutenga chikhocho, ndipo ligi inabwera mu 1993, patatha zaka 26 chiitengereni. Akanamvera nsalu ija, makapu 13 a ligi ndi awiri a Champions League sakanabwera ndi munthu ameneyo. Choncho kwa gulu ili, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amakumbukanso za 1995, pamene Ferguson anagulitsa Paul Ince, Mark Hughes ndi Andrei Kanchelskis osagula wina wodziwika m'malo mwawo. Masapota anapsa mtima, timu inagonja 3-1 ku Aston Villa tsiku loyamba, ndipo katswiri wina wa pa kanema, Alan Hansen, ananena kuti ndi ana sungapambane kanthu. Anawo anali David Beckham, Paul Scholes, Nicky Butt ndi ana a kwa Neville, ndipo sizoni yomweyo anatenga ligi ndi FA Cup. Koma Ferguson yemweyo ndiye anazoloweretsa masapota kuti kuthera pa nambala 2 ndi maliro. M'badwo wonse umene unayamba kutsatira timuyi m'zaka za m'ma 1990, kuphatikizapo ambiri a kuno kwathu, unakula osadziwa kuti United ikhoza kuthera pa nambala 7. Munthu mmodzi anasiya ziphunzitso ziwiri zotsutsana, kudekha ndi kusalolera kugonja, ndipo sapota amasankhapo chimene chikugwirizana ndi mtima wake tsiku limenelo.

Moyes ndiye anali woyamba kulawa zimenezi. Anasankhidwa ndi Ferguson mwiniwake, anapatsidwa kontilakiti ya zaka 6, ndipo potsanzika Ferguson anauza khamu la mu Old Trafford kuti ntchito yawo tsopano ndi kuima ndi kochi watsopanoyo. Masapota anapachika nsalu yomutcha wosankhidwa. Pofika March 2014 ena anasonkherana ndalama n'kuchita hayala ndege yaing'ono, imene inauluka pamwamba pa bwalo ikukoka uthenga woti Moyes achoke. Chochititsa chidwi n'chakuti ambiri amene anali m'bwalomo anaikuwiza ndegeyo n'kumuombera m'manja Moyes. Patangotha milungu itatu ndi masiku ochepa anachotsedwa ndithu, atagwira ntchito miyezi 10.

Kuchokera apo, kochi aliyense ankabwera ngati mankhwala a matenda a mnzake. Moyes ankaoneka wamng'ono pa mpandowo, ndiye anabweretsa Van Gaal, munthu wa mbiri ya ku Ajax, Barcelona ndi Bayern Munich. Mpira wake unali wopatsirana cham'mbali mpaka anthu kuodzera, zigoli 49 zokha mu ligi ya 2015/16, masapota akukuwa m'bwalo kuti timu ipite kutsogolo. Anatenga FA Cup mu May 2016, n'kuchotsedwa patatha masiku awiri. Kenako anati tikufuna wodziwa kupambana, ndiye kunabwera Mourinho. Anatenga League Cup ndi Europa League mu 2017, n'kuthera pa nambala 2 chaka chotsatira, koma ankakhalira kukangana ndi osewera, makamaka Paul Pogba, ndipo mu December 2018 anapita. Apo anthu anati tatopa ndi nkhope zokwinya, tikufuna mwana wa pakhomo. Solskjaer, amene anagoletsa chigoli chopambanira Champions League mu 1999, anabweretsa chimwemwe, anafika pa nambala 2 mu 2021, koma chikho sanachigwire. Ndime yomaliza ya Europa League anagonja kwa Villarreal pa mapenate 11-10, goloboyi David de Gea ataphonya yomaliza. Liverpool itawathira 5-0 pakhomo, Watford n'kuwonjezera 4-1, mawu anasintha: munthuyu ndi wabwino mtima koma alibe nzeru za mpira, tikufuna wa dongosolo ndi mwambo. Ndi mmene anabwerera Ten Hag.

Chimene sichitchulidwa kawirikawiri mkangano ukatentha n'chakuti kochi akachoka, osewera amene anagulidwa chifukwa cha iye amatsala. Wa Van Gaal anagulidwa kuti azisunga mpira, wa Mourinho kuti akhale wamtali ndi wamphamvu, wa Solskjaer kuti azithamanga mpira ukalandidwa. Wobwera pambuyo amapeza chovala cha zigamba zamitundumitundu, ndipo amapempha ndalama zogulira zigamba zakezake. Ralf Rangnick, amene anagwirizira mpando miyezi ingapo mu 2021/22, ananena poyera kuti timuyi ikufunika opareshoni ya mtima, kupaka mankhwala pakhungu sikungathandize. Akuluakulu sanamumvere, ndipo ntchito ya ulangizi imene anamulonjeza inafera m'mazira.

Apa mpamene pali funso limene sapota aliyense ayenera kuyamba wafunsa: kodi amagula osewera ndani? M'zaka zomaliza za Ferguson yankho linali lapafupi. Iye ankasankha, David Gill, mkulu woyendetsa timuyi, ankakambirana za mtengo. Awiriwa anachoka nthawi imodzi mu 2013, ndipo mpando wa Gill unapita kwa Ed Woodward, munthu wochokera ku banki ya JP Morgan, amene anathandiza banja la Glazer kugula timuyi. Woodward anali katswiri popeza makampani oika ndalama mu timu posinthana ndi kutsatsa malonda awo. Mu 2018 anauza anthu a masheya kuti mmene timu ikusewerera sizikhudza kwenikweni ndalama zimene amapeza pa malonda. Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anawawa kwambiri. Kwa zaka pafupifupi 8 chichokereni Ferguson, United inalibe mkulu woyang'anira za mpira, munthu amene ntchito yake ndi kudziwa mtundu wa mpira umene timu ikufuna kusewera zaka zisanu zikubwerazo n'kumagula osewera, ngakhalenso kochi, oyenerana nawo. Udindowu unakhazikitsidwa mu March 2021.

Anzawo anali atapita kale patali. Manchester City inalemba ntchito Txiki Begiristain pa udindo woterewu mu 2012, zaka zinayi Pep Guardiola asanafike, moti kochiyo anapeza munda wolimidwa kale. Ku Liverpool, Jürgen Klopp ankagwira ntchito ndi Michael Edwards ndi gulu losanthula ziwerengero za osewera. Mu 2017 anagula Andy Robertson pa £8 miliyoni kuchokera ku Hull City, timu imene inali itangotuluka mu ligi, ndipo masapota ambiri a Liverpool sanasangalale naye tsiku limenelo. Ndalama za Philippe Coutinho, amene anagulitsidwa ku Barcelona, zinasanduka Virgil van Dijk ndi Alisson. Brighton inatola Moisés Caicedo ku Ecuador pa ndalama zosafika £5 miliyoni, n'kumugulitsa ku Chelsea pa £115 miliyoni.

Ku United, popanda dongosolo lotere, kochi ankangotchula mayina a anthu amene akuwadziwa. Taonani mndandanda wa Ten Hag: Lisandro Martínez, Antony, André Onana, Matthijs de Ligt ndi Noussair Mazraoui onse anawaphunzitsapo ku Ajax, Sofyan Amrabat ku Utrecht. Antony yekha anadya ndalama zopitirira £80 miliyoni kumapeto kwa August 2022, msika utatsala pang'ono kutsekedwa, Ajax itaona kuti wogulayo wapanikizika. Anagoletsa m'masewero ake atatu oyamba a mu ligi, anthu n'kumati tapeza. Sizoni ya 2023/24 yonse anagoletsa chigoli chimodzi mu ligi. Tsono mlandu ndi wa ndani? Ten Hag anamufuna, inde. Koma kochi aliyense amafuna, ndipo ntchito ya akuluakulu ndi kumuuza kuti mtengo uwu ayi, nayu wina wofanana naye wotchipa. Woti anene zimenezo panalibe.

Mtengowo ndiwo umasanduka katundu pamutu pa wosewera. Sapota saweruza munthu payekha, amaweruza munthu ndi chikwangwani cha mtengo chimene amumata pamsana, ngakhale kuti mtengowo sanautchule ndi iye. Chitsanzo chabwino ndi Harry Maguire. Anachokera ku Leicester City mu August 2019 pa £80 miliyoni, mtengo umene unali usanaperekedwepo pa wotchinga kumbuyo aliyense padziko lapansi, kuposa wa Van Dijk. Patatha miyezi isanu anapatsidwa ukaputeni. Akanagulidwa pa £35 miliyoni, bwenzi anthu akuti ndi munthu wodalirika, wamphamvu m'mwamba, wochedwa pang'ono potembenuka. Pa £80 miliyoni kuchedwa kumeneko kunasanduka nthabwala ya dziko lonse. Anakuwizidwa ndi masapota a England ku Wembley mu March 2022, mwezi wotsatira anaopsezedwa kuti nyumba yake iphulitsidwa ndi bomba, ndipo mu July anakuwizidwanso ndi ovala jezi ya United ku Melbourne. Mu 2023 Ten Hag anamulanda ukaputeni, timu n'kuvomera kumugulitsa ku West Ham, koma iye sanapite. Anangokhala chete n'kumasewera akapatsidwa mpata. Mu November chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi mwezi umenewo. Mu April 2025 ndi iye anagoletsa ndi mutu chigoli chothera pamene United inagonjetsa Lyon 5-4 mu nthawi yowonjezera, ndipo bwalo la Old Trafford linaimba dzina lake. Maguire sanasanduke munthu wina. Anthu anangoiwala mtengo uja.

Masapota nawonso asadziyeretse. Ambiri mwa osewera amene pambuyo pake ankatchedwa kutaya ndalama analandiridwa ndi nthungululu. Ángel Di María atafika mu 2014 pa £59.7 miliyoni, Pogba atabwerera mu 2016 pa £89 miliyoni (munthu amene anachoka pa timu yomweyi mu 2012 popanda malipiro a msika, n'kudzachokanso chimodzimodzi mu 2022), ndani anadandaula? Alexis Sánchez atabwera kuchokera ku Arsenal mu January 2018, chisangalalo chachikulu chinali chakuti walandidwa m'kamwa mwa City. Anagoletsa zigoli 5 m'masewero 45. Jadon Sancho anamulirira zaka ziwiri. Za Cristiano Ronaldo ndiye osanena: mphekesera itangomveka mu August 2021 kuti akupita ku City, dziko linagwedezeka, ndipo m'maola ochepa anali wa United. Anagoletsa zigoli 24 sizoni imeneyo, koma timu inathera pa nambala 6 ndi mapointi 58, ndipo mpaka lero masapota sagwirizana ngati iye anaipulumutsa kapena ndiye anasokoneza kasewero ka anzake. Anachoka mu November 2022 atanyoza kochi ndi eni timu pa kanema. Walira mvula walira matope, koma matopewo akafika palibe amakumbukira kuti analira nawo.

Ndiye pali funso limene limamveka paliponse: bwanji osangowagulitsa? Yankho lili m'mabuku a ndalama. Timu ikagula wosewera pa £80 miliyoni n'kumupatsa kontilakiti ya zaka zisanu, m'mabuku salemba £80 miliyoni yonse chaka chimenecho. Amaigawa, £16 miliyoni chaka chilichonse. Patatha zaka ziwiri, wosewerayo m'mabuku akadali wa £48 miliyoni. Ngati wakanika ndipo wogula akupereka £30 miliyoni, timu iyenera kulemba kuti yataya £18 miliyoni nthawi imodzi. Izi zinali ndi ntchito chifukwa malamulo amene Premier League inkatsata pofika 2025 sankalola timu kutaya zopitirira £105 miliyoni pa zaka zitatu. Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi mu 2023/24 chifukwa chophwanya lamuloli. Kuwonjezera apo pali malipiro. Munthu amene akulandira ndalama za United sangavomere kupita kumene akalandire theka lake, ndipo kontilakiti ili kumbali yake. N'chifukwa chake amangobwerekedwa ku matimu ena, United ikulipirabe gawo la malipiro ake.

Masamu omwewa ali ndi nkhanza ina. Mwana wokulira mu akademi sanagulidwe, choncho m'mabuku mtengo wake ndi ziro, ndipo ndalama iliyonse imene angagulitsidwe ndi phindu lokhalokha. Ndiye kuti wosavuta kugulitsa ndi mwana wa pakhomo, mlendo wodula uja n'kutsala. Ku United nkhaniyi imapweteka kwambiri, chifukwa timuyi imanyadira kuti kuyambira October 1937 pa mndandanda wa masewero aliwonse pamakhala wokulira mu akademi. Scott McTominay analowa pakhomopo ali ndi zaka 5. Masapota ambiri ankamunena kuti ndi wolimbikira koma wopanda luso, woti timu yofuna ligi singamudalire. Mu August 2024 anagulitsidwa ku Napoli pa ndalama za m'ma £25 miliyoni. Miyezi 9 itatha anali atatenga ligi ya Italy, atagoletsa zigoli 12, atasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo. Omwe aja ankati achoke anayamba kufunsa kuti anamugulitsa ndani. Nayenso Antony atabwerekedwa ku Real Betis mu January 2025 anasanduka munthu wina, mpaka kukafika ndime yomaliza ya Conference League. Munthu akhoza kunena kuti ligi za kumeneko n'zofewerapo, ndipo pali choonadi pang'ono. Koma akachuluka ochira atangochoka pakhomo, anthu amayamba kukayikira chitsime.

Chitsimecho, kwa gulu lachitatu lija, ndi banja la Glazer la ku America. Malcolm Glazer, mwini timu ya Tampa Bay Buccaneers, anagula United mu 2005 pa ndalama pafupifupi £790 miliyoni. Zambiri mwa ndalamazo zinali zangongole, ndipo ngongoleyo anaisenzetsa timu imene anagulayo, yomwe kale inalibe ngongole. Zili ngati munthu wagula minibasi ndi ndalama za katapila, koma ngongoleyo wailembetsa pa minibasiyo, kuti dalaivala ndi kondakitala azibweza pa zimene apeza, iye akutengako yake ya tsiku. Otsatira mabuku a timuyi amawerengera kuti chiwongoladzanja, zolipira mabanki ndi phindu logawidwa kwa eni masheya zaposa £1 biliyoni, ngongole ikadalipo. Nthawi yonseyi bwalo linkakalamba. Mu May 2024, pa masewero ndi Arsenal, madzi a mvula ankatsika kuchokera padenga la Old Trafford ngati mathithi, dziko lonse likuonera.

Masapota sanakhale chete. Mu 2005 ena anachoka n'kuyambitsa timu yawoyawo, FC United of Manchester. Mu 2010 anayamba kuvala masikafu obiriwira ndi achikasu, mitundu ya Newton Heath, dzina limene timuyi inali nalo itayambitsidwa ndi ogwira ntchito za njanji mu 1878. Pa 2 May 2021, atakwiya ndi ganizo la Super League, mpikisano watsopano wa matimu olemera a ku Ulaya, analowa m'bwalo masewero ndi Liverpool asanayambe, mpaka masewerowo analephereka. Koma mwini timu sachotsedwa ntchito, ndipo a Glazer sakhala ku Manchester kuti amve kukuwa. Taonaninso chimene chimatsatira mkwiyo ukakula. Chilimwe cha 2021, miyezi yochepa chichitikireni zionetsero zija, kunabwera Sancho, Raphaël Varane ndi Ronaldo. Mu August 2022, timu itagonja kwa Brighton n'kuthiridwa 4-0 ndi Brentford, mwadzidzidzi kunapezeka ndalama za Casemiro, munthu wa zaka 30, ndipo anamuonetsa kwa anthu mu Old Trafford usiku womwewo umene masapota anachita zionetsero panja. Ine ndimaona kuti apa mpamene pagona nkhani. Kugula dzina lalikulu ndi njira yachidule yoziziritsira mitima, ndipo dzina lalikulu logulidwa mothamanga ndilo limadzakhala wosewera wosagulitsika uja, amene kochi wotsatira adzachotsedwere ntchito.

Palinso kusiyana pakati pa sapota wa m'bwalo ndi wa kutali. Amene amalipira tikiti sabata ndi sabata amaona denga likudontha, amamva mtengo wa tikiti m'thumba mwake, ndipo mkwiyo wake umapita kwa eni timu. Kawirikawiri amaimbira kochi mpaka tsiku lomaliza, monga zinachitikira ndi ndege ija. Ife a kutali timaona mphindi 90 zokha, kenako n'kukakumana ndi anzathu otiseka ku ntchito Lolemba, mwinanso titaluza kabetcha. Kamera imationetsa nkhope ya kochi ndi ya wosewera wophonya, sitionetsa chipinda cha akuluakulu. Sapota wa Bullets kapena wa Wanderers angathe kupita kumene timu ikukonzekera masewero n'kukawauza akuluakulu pamaso. Wa United wa ku Lilongwe ali ndi foni basi. Ndipo pa foniyo pali ma tchanelo a masapota pa YouTube ndi masamba a pa Facebook, amene amaoneredwa kwambiri timu ikagonja kusiyana ndi ikapambana. Wokuwa kwambiri ndiye amamveka, ndipo wonena kuti tiyeni tione pakatha masewero 10 alibe womutsatira.

Kodi mawu a masapota amasinthadi zinthu? Nkhani ya Ten Hag ikuonetsa kuti amatero, ngakhale si nthawi zonse mokomera timu. Mu February 2024 Sir Jim Ratcliffe, mwini kampani ya INEOS, anamaliza kugula gawo loposa pang'ono kota ya timuyi n'kupatsidwa mphamvu zoyendetsa za mpira, a Glazer akadali ndi gawo lalikulu. Sizoni imeneyo United inathera pa nambala 8, ndipo aliyense ankadziwa kuti Ten Hag akupita. Kenako pa 25 May anagonjetsa City 2-1 mu ndime yomaliza ya FA Cup, zigoli za ana awiri a mu akademi, Alejandro Garnacho ndi Kobbie Mainoo. Mitima inatembenuka tsiku limodzi. Masapota ochuluka anati munthu wotenga zikho ziwiri m'zaka ziwiri sachotsedwa, ena akutchula Ferguson wa 1990. Akuluakulu atsopanowo anazengereza milungu iwiri ndi masiku, kenako anamusunga, anamuwonjezera chaka pa kontilakiti, n'kugula osewera a ndalama pafupifupi £200 miliyoni. Pa 28 October, patangoseweredwa masewero 9 a ligi, timu ili pa nambala 14, anamuchotsa. Kumulipira iye ndi omuthandiza kunadya £10.4 miliyoni, kukatenga Ruben Amorim ndi anthu ake ku Sporting kunadya £11 miliyoni ina. Dan Ashworth, mkulu wa za mpira amene anamudikirira miyezi kuti achoke ku Newcastle, anagwira ntchito miyezi isanu yokha.

Amorim anafika ndi kaseweredwe ka otchinga kumbuyo atatu, kamene osewera amene anawapeza sanagulidwire. Sizoni ya 2024/25 inatha United ili pa nambala 15 ndi mapointi 42, malo otsika kwambiri chitulukireni mu ligi mu 1974, n'kugonjanso 1-0 kwa Tottenham mu ndime yomaliza ya Europa League ku Bilbao. Mkangano unabwerera pomwe unayambira: ena akuti asinthe kaseweredwe, ena akuti amugulire anthu ake. Anamugulira Matheus Cunha, Bryan Mbeumo ndi Benjamin Šeško, aliyense pa ndalama zoposa £60 miliyoni, Garnacho n'kugulitsidwa ku Chelsea, Marcus Rashford n'kubwerekedwa ku Barcelona. Mu August 2025 timu yomweyo inatulutsidwa mu League Cup ndi Grimsby Town ya mu ligi yachinayi, pa mapenate 12-11.

Pakati pa 2024 ndi 2025, pofuna kuchepetsa zotayika, akuluakulu anachotsa ntchito anthu pafupifupi 250 a m'maofesi ndi m'madipatimenti ena, n'kulengezanso kuti ena atsatira. Matikiti otsala a pakati pa sizoni anakwezedwa kufika £66, popanda kuchotsera ana kapena okalamba. Pa 9 March 2025, masewero ndi Arsenal asanayambe, masapota zikwizikwi anayenda ulendo wa ndawala kupita ku Old Trafford atavala zakuda, akuimba zoti a Glazer achoke. Patatha masiku awiri, timuyi inaonetsa zithunzi za bwalo latsopano la anthu 100,000 limene ikufuna kumanga pafupi ndi lakalelo.